Mpweya m'mapaipi a dizilo: chifukwa chake pikapu imagogoda ndi kuvuta kulira m'mawa

Kwa mabanja ambiri a kwathu amene ali ku Joni, pikapu ya dizilo, imene eni dziko amaitcha bakkie, ndiye munda. Imatuta zinyalala za m'magadeni, imasamutsa anthu pakutha pa mwezi, ndipo ikafika Disembala imasenza mafiriji, njinga ndi malata kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Ikagona masiku atatu, lendi ndi fizi ya ana zimayamba kugwedezeka. Pa matenda ake onse, pali amodzi osavuta kuchiza koma odya ndalama zambiri akapanda kudziwika msanga: mpweya wolowa m'njira ya mafuta. Amakaniko amati galimoto yachita air lock. Taonapo anthu akugula batire latsopano, sitata yatsopano, ena mpaka mainjekita anayi, pamene cholakwa chinali kamphira kamodzi kochepa ngati mphete ya pachala.

Nkhani ino tailembera makolo amene amadalira pikapu, komanso ana amene amaima pambali atagwira tochi bambo ali m'boneti. Ana inu musaidumphe, muli sayansi yanu ya kusukulu m'menemu.

Mmene dizilo amayakira

Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi mapulagi othetheka moto. Ya dizilo ilibe zimenezo. Pisitoni imapanikiza mpweya mu silinda kufikira utachepa ka 15 mpaka ka 22, malinga ndi mtundu wa injini, ndipo mpweya wopanikizidwa choncho umatentha kupitirira madigiri 500. Pa nthawi yomweyo injekita imapopera dizilo wosalala ngati nkhungu, ndipo amayaka yekha. Amene anapopapo tayala la njinga akudziwa kuti pampu imafunda kumunsi kwake. Ndi lamulo lomwelo, ndipo ndi limene Rudolf Diesel wa ku Germany anamangirapo injini yake imene inayamba kugwira ntchito bwino mu 1897.

Ndiye injini ya dizilo imafuna mpweya wambiri ndithu, koma wolowera khomo lake, kudzera ku fyuluta ya mpweya. M'njira ya mafuta mokha ndi mmene mpweya uli mdani. Chifukwa chake mukhoza kuchiona pakhomo ndi sirinji yopanda singano. Kokani madzi, tsekani kukamwa kwake ndi chala, kankhani: siisuntha. Tayani madziwo, kokani mpweya, tsekaninso: imalowa ngati mukufinya siponji, ndipo mukaisiya imabwerera. Madzi ndi mafuta sizipanikizika kwenikweni, mpweya umapanikizika. Timachita zimenezi m'kalasi chaka chilichonse, ndipo nthawi zonse pamapezeka mwana wofuna kutsimikiza kuti iye ndiye angagonjetse madziwo.

Pampu ya dizilo imagwira ntchito ngati sirinji ija. Pa injini zakale, monga 3L ndi 5L za Hilux kapena 4JA1 ya Isuzu KB, pampu imakankha mafuta m'paipi yachitsulo mpaka mphamvu yake itakwana kutsegula kasingano ka mu injekita, pa mabar apakati pa 100 ndi 200 kapena kuposerapo pang'ono. Tayala la pikapu limakhala ndi mabar awiri kapena atatu basi. Ngati m'paipimo muli thovu, mphamvu ya pampu imathera kufinya thovulo. Injekita imatseguka mochedwa, imapereka mafuta ochepa, kapena siitseguka n'komwe.

Injini zatsopano, zimene zimatchedwa common rail, monga D-4D ndi GD-6 za Toyota, D-TEQ ya Isuzu ndi TDCi ya Ford Ranger, zimasunga mafuta m'chipaipi chimodzi chokhuthala pa mabar ofika 1,600 mpaka 2,000 kapena kuposerapo, ndipo kompyuta ndiyo imatsegula mainjekita. Kompyutayo siilola kupopera mafuta mphamvu ya m'chipaipicho isanafike pa mlingo wake. N'chifukwa chake sitata imangozungulira, injini osagwira.

Kumene phokoso limachokera

Injini ya dizilo ndi yaphokoso mwachibadwa, ndipo phokosolo lili ndi gwero lodziwika. Dizilo akapoperedwa sayaka nthawi yomweyo. Pamapita kanthawi kochepetsetsa. Mafuta onse amene alowa m'kanthawi kameneko amayakira limodzi, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati hamala. Kanthawiko kakatalika, mafuta ochuluka amaunjikana, ndipo kugogoda kumakula. Injini za common rail zimamveka zofatsa chifukwa zimayamba zadontheza timafuta tochepa kwambiri kuti moto uyambe, kenako n'kupereka mafuta enieni pamoto woyaka kale.

Mpweya umasokoneza dongosolo lonseli. Silinda ina imalandira mafuta pa nthawi yake, ina mochedwa, ina theka. Mafuta amene sanapoperedwe bwino amatuluka ngati madontho m'malo mwa nkhungu, amachedwa kuyaka, ena amatsalira n'kukayaka pa ulendo wotsatira. Chimene khutu limamva ndi kugogoda kosalongosoka: kumabwera, kumapita, injini ikunjenjemera ndi kukwera n'kutsika yokha itaima. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa. Pa chitunda galimoto imatsamwa, mukaponda moto imazengereza. Pa injini za kompyuta nyali ya injini imatha kuyaka, galimoto n'kukana kuthamanga, ndipo makina a makaniko amaonetsa nambala P0087, kutanthauza kuti mphamvu ya mafuta yatsika.

Phokoso lokhalo likanakhala vuto, tikanangokweza wailesi. Koma pampu ya dizilo ndi mainjekita zilibe oilo wakewake pa mapikapu ambiri. Dizilo yemweyo ndiye amazifewetsa ndi kuziziziritsa. Pamene padutsa thovu, chitsulo chimakhudza chitsulo chouma. Pampu ya common rail ikayamba kudyeka, tizidutswa ta chitsulo timayenda ndi mafuta kukalowa m'mainjekita onse, ndipo pamenepo mtengo wokonzera umatha kupitirira ndalama zimene pikapuyo imabweretsa pa miyezi ingapo.

Makomo amene mpweya umalowera

Awiri ndi odziwika kwa aliyense: mafuta kuthera m'thanki, ndi kusintha fyuluta osabulida. Amenewa savuta chifukwa mwini amadziwa chimene wachita. Ovuta ndi makomo obisika, ndipo apa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokerera.

Pa mapikapu ambiri, kuphatikizapo Hilux zambiri, mafuta sakankhidwa kuchokera m'thanki. Amakokedwa ndi pampu ya pa injini, monga mmene mwana amakokera Fanta ndi kapaipi. Ndiye tengani kapaipi kotero, kabooleni ndi singano pamwamba pa mlingo wa chakumwa, n'kuyesa kumwa. Pabowopo sipadontha chilichonse, koma m'kamwa mumafika thovu. Umu ndi mmene zilili pakati pa thanki ndi pampu: paipi ikang'ambika, dizilo satuluka, mpweya ndiwo umalowa. Munthu amagona pansi pa galimoto, amaona pouma ponseponse, n'kunena kuti mapaipi ali bwino. Kuuma si umboni.

Malo amene timayamba kukayikira ndi mutu wa fyuluta ya mafuta. Pamenepo pali kapampu kopopa ndi dzanja, ndipo mphira wa m'kati mwake amauma ndi zaka. Pali kamphira kozungulira kamene kamatseka fyuluta. Kakapindika poika, kapena kakale kakatsalira n'kuikapo kena pamwamba, mpweya wapeza njira. Pansi pa fyuluta pali kapulagi kokhetsera madzi, kapulasitiki, kamene kamang'aluka munthu akakamanga ndi pulayala m'malo mwa dzanja. Kenako pali mapaipi amphira, makamaka pamene akumana ndi achitsulo ndi pansi pa makilampu, ndi mapaipi achitsulo amene achita dzimbiri pamwamba pa thanki. Abale a ku Britain ndi kumpoto kwa America, kumene misewu amaithira mchere m'nyengo ya chisanu, komanso a m'mbali mwa nyanja ku Durban ndi Cape Town, aziyang'ana dzimbiri limeneli kuposa ena tonse. Timapaipi tating'ono tobweza mafuta otsala kuchokera ku mainjekita natonso tikauma timalola mpweya kulowa usiku, mafuta n'kutsetserekera kuthanki.

Chizindikiro cha khomo lobisika ndi ichi: galimoto imavuta kulira ikagona usiku, koma masana ikangolira kamodzi imalira tsiku lonse. Nthawi zina imalira m'mawa, n'kuzima patapita masekondi ochepa, mafuta a mu fyuluta atatha. Ikagona mphuno itayang'ana kumtunda vuto limakula, ikayang'ana kumunsi limachepa. Ku Gauteng limakonda kuonekera mu Juni ndi Julayi, chifukwa mphira wokalamba amalimba ndi kufota kukazizira, ndipo anthu amafulumira kuloza chala ma glow plug.

Pali njira ina imene mpweya umaonekera popanda bowo lililonse. Dizilo amasunga mpweya wosungunuka m'kati mwake, monga botolo la Fanta losatsegula limene simuona thovu. Fyuluta ikatsekeka ndi zinyalala, pampu imakoka mwamphamvu, ndipo mpweya uja umatuluka n'kukhala thovu. Zimachitikanso kabowo kopumira thanki kakatsekeka ndi fumbi kapena matope. Mukatsegula chitsekero cha thanki mumamva ikukoka mpweya kwa nthawi. M'mayiko ozizira kwambiri dizilo amaundana ngati phula n'kutseka fyuluta. Kumeneko amagulitsa dizilo wa nyengo yozizira, choncho galimoto imene inathiridwa mafuta mu Ogasiti n'kuimikidwa mpaka Januwale ikhoza kuvutika.

Tinenepo za chizolowezi chathu chothira mafuta a R100 tsiku ndi tsiku. Tikumvetsa, ndalama imabwera pang'onopang'ono. Koma mafuta amene galimoto imadya ndi omwewo, kaya thanki ili pa theka kaya ili pa nyali. Thanki ikakhala pansi, mafuta amakhavukira uku ndi uku pa makona ndi pa zitunda, paipi yokoka imameza mpweya, ndipo mafuta otentha obwerera ku injini amachita thovu m'mafuta ochepawo. Pikapu yolemedwa kumbuyo ikukwera mapiri a pakati pa Zobue ndi Mwanza, thanki ili pansi pa kota, ikudziitanira air lock. Kamodzi kokha dzazani kufika theka, kenako muzithira a R100 anuwo pamwamba pake.

Kupeza vuto musanagule kanthu

Kuyesa koyamba n'kwaulere. M'mawa, musanakhudze kiyi, tsegulani boneti n'kupopa kapampu ka pa fyuluta. Ngati kali kolimba pa kupopa koyamba kapena kwachiwiri, mafuta sanabwerere, ndipo vuto mulifunefune kwina: batire, ma glow plug, mainjekita. Ngati kali kofewa, popani mpaka kalimbe, n'kuliza. Ikalira msanga, mwaupeza mlandu: mpweya ukulowa usiku. Ngati kakukana kulimba ngakhale mutapopa kambirimbiri, kapampuko ndiko kawonongeka, kapena bowo ndi lalikulu.

Kuyesa kwachiwiri kumafuna paipi yoonekera m'kati, yolimba ku mafuta, imene imagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto. Ikani chidutswa chake kwakanthawi pakati pa fyuluta ndi pampu, lizani injini, muyang'ane. Apa ndi pamene mwana wa tochi uja ali ndi ntchito yeniyeni, ataima kutali ndi fani ndi malamba. Timathovu tochepa mutangolumikiza kumene si kanthu. Mzere wa thovu wosatha ndi umboni. Kenako sunthirani paipiyo pakati pa thanki ndi fyuluta. Ngati pamenepo mafuta ali oyera koma akatuluka mu fyuluta ali ndi thovu, vuto lili pamutu wa fyuluta. Ngati thovu likuchokera kale kumbuyo, tsatirani paipi mpaka kuthanki. Mukamaliza bwezerani paipi yeniyeni. Yoonekerayo imauma ndi kutentha kwa injini.

Amakaniko ena amadula nkhani poika paipi yokoka m'chigubu cha dizilo woyera, kuidumpha thanki. Injini ikakhazikika ndipo phokoso likachepa, vuto lili kumbuyo.

Kubulida

Thirani mafuta okwanira, malita 10 kapena kuposerapo, galimoto ili pamalo osatsetsereka. Malita awiri a m'botolo nthawi zambiri safika n'komwe pakamwa pa paipi yokoka. Ngati pamutu wa fyuluta pali kasikuluu kobulidira, kamasuleni pang'ono, popani mpaka patuluke dizilo wopanda thovu, kamangeni, n'kupopanso mpaka kapampu kalimbe. Mapikapu amene ali ndi pampu yamagetsi m'thanki, monga ma Ranger ambiri atsopano, amadzibulida okha: tembenuzani kiyi mpaka nyali ziyake osaliza, dikirani masekondi 30, zimitsani, bwerezani kangapo. Buku la galimoto yanu limanena njira yake, ndipo likatayika limapezeka pa intaneti.

Poliza, musapitirire masekondi 10 kapena 15. Pumitsani sitata kwa mphindi imodzi. Sitata zambiri zimene zimapsa pa air lock zimapsa ndi mkwiyo wa mwini. Injini ikagwira, isiyeni ilire yokha kwa mphindi zingapo mpaka kunjenjemera kuthe.

Pa injini zakale zokha, ngati ikukanabe, amamasula pang'ono manati a mapaipi achitsulo pa mainjekita, kawirikawiri ndi sipanala ya 17, wina n'kuliza mpaka pa natipo patuluke mafuta, kenako n'kumanga. Njira imeneyi ndi imene ambiri tinaiona kumudzi pa malole ndi pa zigayo, ndipo ndi yolondola pamalo pake. Pa common rail musaiyese. Mafuta a mabar oposa 1,000 amaboola khungu ngati jakisoni. Bala limaoneka laling'ono ngati munga, koma dizilo amene walowa amawononga mnofu m'kati, ndipo anthu amadulidwa zala chifukwa chochedwa. Zikachitika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene momveka kuti ndi mafuta opanikizidwa amene alowa. Musafufuze podontha ndi dzanja injini ikulira.

Zina ziwiri tizikana poyera. Choyamba ndi kukoka dizilo ndi pakamwa. Akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa, ndipo amene wameza asamusanzitse, apite naye kuchipatala. Ana amatengera zimene aona, ndipo dizilo wosungidwa m'botolo la zakumwa ndi msampha kwa wamng'ono. Chachiwiri ndi kupopera mankhwala olizira injini ku fyuluta ya mpweya. Pa injini ya ma glow plug amatha kuphulika nthawi isanakwane n'kuswa pisitoni, ndipo sachotsa mpweya m'mapaipi ngakhale pang'ono.

Ponena za kudzaza fyuluta yatsopano ndi dizilo musanaiike: pa injini zakale anthu amachita ndipo zimafulumizitsa ntchito. Pa common rail ife timati ayi. Mafuta amene mwathira pakati pa fyuluta amapita ku pampu osasefedwa, pamene fyulutayo inapangidwa kugwira tizinyalala ta mamaikiloni ochepa, tsitsi la munthu lili pafupifupi mamaikiloni 70. Ikani youma, mupope. Ndi mphindi zitatu zokha.

Za makina olekanitsa mpweya a ku America

Abale a ku United States amene ali ndi mapikapu akuluakulu a Ram, Ford kapena Chevrolet amva za makina otchedwa FASS ndi AirDog. Ndi pampu yamagetsi yokhala ndi mafyuluta awiri, yomangidwa pafupi ndi thanki. Imakankha mafuta kupita ku injini m'malo moti azikokedwa, imachotsa madzi, ndipo thovu imalibweza kuthanki kudzera m'paipi yakeyake. Anatchuka kwambiri pa Dodge Ram ya injini ya Cummins ya zaka za 1998 mpaka 2002, imene pampu yake ya Bosch VP44 imadalira mafuta kuti izizire, ndipo inkafa kawirikawiri kapampu koipatsa mafuta kakafooka. Ogulitsa amalonjeza injini yofatsa ndi mphamvu zochuluka. Pa galimoto imene inali kusowadi mafuta, kusinthako kumamveka. Pa Hilux kapena Isuzu yabwinobwino, maganizo athu ndi akuti ndalamayo ikagule fyuluta yeniyeni ndi mapaipi atsopano. Ndipo amene amanga makinawa adziwe kuti paipi imene kale inkakoka mpweya, tsopano izidontha dizilo, choncho bowo liyenerabe kutsekedwa.

Pamene si mpweya

Si kugogoda konse kumene kumachokera ku thovu. Phokoso la mpweya limasinthasintha ndipo limatha mukabulida. Limene silisintha lili ndi mwini wina. Injekita yotha imagogoda pa silinda imodzi mosalekeza, makamaka injini ili yozizira. Mavavu ofuna kuchuna amalira mopepuka pamwamba pa injini. Kawashala ka mkuwa ka pansi pa injekita kakapsa, utsi umathawira pamenepo. Pa injini ya 3.0 D-4D zimenezi zimadziwika kuti zimadetsa oilo mpaka kutseka sefa ya pampu ya oilo, ndiye si za kuzengereza nazo. Kugunda kolemera kwa pansi, nyali ya oilo ikuphethira, n'kwa mabering'i: zimitsani pomwepo.

Mafuta oipa nawo amagogodetsa. Mu Januwale 2024 boma la South Africa linaulula kuti linapeza mafilingi siteshoni 70 akugulitsa dizilo wosakaniza ndi palafini. Palafini safewetsa pampu ngati dizilo. Mtengo ukatsika modabwitsa poyerekeza ndi anzawo a msewu womwewo, pitirirani, ndipo muzisunga malisiti. Pa ulendo wa kumudzi, mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni ndipo mwakakamizika kugula a m'zigubu, asiyeni akhazikike, thirani kudzera pa nsalu yoyera, ndipo otsalira pansi pa chigubu musawathire. Nyali ya madzi a mu fyuluta ikayaka, imani mukhetse, musadikire kufika.

Mukapita kwa makaniko, muuzeni nthawi imene vuto limabwera, mmene galimoto inagonera, tsiku limene fyuluta inasinthidwa, ndi zimene kapampu kanachita m'mawa. Akatchula mainjekita, pemphani kuti ayambe wayeza mafuta obwerera pa injekita iliyonse ndi kuona thovu m'paipi, ndipo zipangizo zimene wachotsa akupatseni. Pa ulendo wa Disembala, fyuluta isinthidwe sabata imodzi musananyamuke, osati usiku wonyamukira, kuti ngati kamphira kakhala molakwika mudziwire pakhomo. Kuseri kwa mpando kukhale fyuluta ina yapadera ndi timphira take, mita imodzi ya paipi ya mafuta, makilampu anayi, sikuludiraiva, tochi ndi nsanza.